Mizere Iwiri Yotsala m'Kope Langa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Fomu 2 pa sekondale yoyendera pafupi ndi Nsaru, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Masamu ndinkawatha, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Abambo akafuna kuyeza malo omanga chigafa chatsopano cha fodya, ankaitana ine. Anthu oyandikana nafe ankabwera ndi makalata kuti ndiwawerengere. Anzanga ankanditchula kuti Pulofesa. Pamaso pawo ndinkachita ngati dzinalo likundinyansa, koma mumtima ndinkalikonda kwambiri.

Kwa amayi tinabadwa ana anayi, amuna okhaokha, ine woyamba. Kwathu kuno mudzi umakula ndi ana aakazi. Mnyamata akakula amakakhala kwa mkazi wake, monga momwe abambo anabwerera kudzakhala kwawo kwa amayi. Mtsikana ndiye amatsala pakhomo ndi pamunda. Mkulu wawo wa amayi, amene tinkawatchula kuti amayi aakulu, anali ndi ana aakazi atatu. Amayi sankadandaula pamaso pathu, koma ndinkaona mmene ankayang'anira atsikana aja akamalukana tsitsi pakhonde.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Imeneyi si nkhani yoti mwana, makamaka wamwamuna, n'kuitchula. Tinkangoona n'kukhala chete. Koma tsiku lina mu Malichi tikusoka fodya m'chigafa, manja akumatamata ndi utomoni wa masamba, ndinamva amayi akulankhula ndi amayi aakulu motsitsa mawu. Ankayesa kuti ndili kutali.

"Ine ndikungopempha chimodzi," anatero amayi. "Mulungu angondipatsako wamkazi mmodzi. Anyamatawa adzapita onse, ine ndidzatsala ndi nkhuku."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu a masamu, a Kamwendo, anayamba mutu watsopano, wa kuwerengera mwayi woti chinthu chichitike. Analowa m'kalasi ndi ndalama ziwiri zachitsulo. Mbali imodzi ya ndalama tinkaitcha mutu, inayo mbalame. Anatiuza kuti ukaponya ndalama imodzi, njira zogwera ndi ziwiri zokha. Ukaponya ziwiri, njira ndi zinayi, ndipo anazilemba pabolodi: mutu ndi mutu, mutu ndi mbalame, mbalame ndi mutu, mbalame ndi mbalame. Choncho mwayi woti zonse zigwe mitu ndi umodzi pa zinayi. Ukawonjezera yachitatu njira zimakhala zisanu ndi zitatu, ndipo ndalama iliyonse yowonjezera imachulukitsa njirazo kawiri.

"Osamalota," anatero akupukuta choko m'manja. "Lembani zonse zimene zingachitike, kenako werengani."

Phunzirolo linandikoma ngati nzimbe. Anati adzapitiriza mawa lake, koma mawalo ine sindinapite kusukulu. Fodya anali atathyoledwa wambiri ndipo abambo anandijombetsa kuti ndithandize kukoloweka. Pa nthawi yopuma masana, ndinakhala pachipika kuseri kwa chigafa ndi kope langa. Maganizo anandibwerera akuti mwana akamabadwa, njira ndi ziwirinso, wamwamuna kapena wamkazi. Patsamba lomaliza ndinayamba kulemba, M kuimira mwamuna, K kuimira mkazi, zilembo zisanu pa mzere uliwonse, monga ana asanu a mayi mmodzi. Ndinalemba mosamala mpaka mizere inakwana makumi atatu ndi iwiri. Ndinaiwerenga kawiri. Mzere wa amuna okhaokha unali umodzi basi.

Ndinaona ngati ndatulukira chinthu chimene m'mudzi monse palibe wina akanachidziwa.

Ndinapirira masiku awiri, lachitatu ndinalephera. Ndinawapeza amayi ali okha pamkeka akusankha nyemba m'lichero. Ndinagwada pambali pawo n'kutsegula kope.

"Amayi, pali chimene ndikufuna ndikuonetseni. Ndi za mlendo amene tikumuyembekezayu."

Anandiyang'ana mwaukali. "Limbani, wayamba liti kulankhula zimenezo?"

Ndikanasiyira pomwepo. M'malo mwake ndinafulumira kufotokoza, chala chikuyenda pa mizere. Ndinati mayi akabereka ana asanu, pali njira makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mwa zonsezo imodzi yokha ndi imene imakhala ya amuna okhaokha. Ndiye kuti ameneyu ndi wamkazi. Amayi analekeza sukulu Sitandade 4. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, manja ataleka kusankha nyemba.

"Kodi zimenezi ndi za m'buku?"

"Ndi masamu, Amayi. Masamu sanama."

"Eti?" Anatero chapansipansi. Kenako anandiuza kuti ndichoke, ndikatsekulire mbuzi. Koma pochoka ndinaona nkhope yawo itawala.

Anakhulupirira. Tsiku la msika anabwera ndi ulusi wapinki, ndipo madzulo aliwonse ankaluka kachipewa ndi timasokosi, akamva mapazi n'kubisa pansi pa chitenje. Anauzako amayi aakulu, amayi aakulu n'kuuza anzawo a kumpingo, mpaka nkhani inafika pachitsime kuti mwana wa kusekondale wawerengera ndipo watsimikiza. Ine ndikamadutsa ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Mwana anabadwa mu Juni, kukuzizira. Anali wamwamuna, wonenepa bwino, wolira mwamphamvu. Amayi aakulu, amene anaperekeza amayi kuchipatala, ndiwo anabwera ndi uthengawo. Anafotokozanso kuti m'mawa womwewo, m'chipinda chomwecho, kunachiranso mayi wina, dzina lake Esitere, wochokera ku Phalombe. Iye ndi mwamuna wake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha kumadzulo kwa mudzi wathu. Analibe womudikirira, ndiye ankamwa tiyi wa m'fulasiki ya amayi. Mwana wa Esitere anali wamkazi.

Abambo anamutcha mwanayo Madalitso, ndipo mwanayo atangotuluka m'chikuta, abambowo ananyamuka ndi mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Lilongwe, komwe ankatha masiku akudikira. Amayi anamuveka Madalitso kachipewa kapinki kaja chifukwa kunalibe kena. Sanandifunse kanthu. Koma anthu ena sanandisiye.

Lolemba madzulo azimayi anabwera kudzaona mwana, atadzaza pakhonde pathu. Ine ndinkadutsa ndi mtolo wa nkhuni. Mwana wamkulu wa amayi aakulu, mlongo wanga Feliya, anakweza mawu.

"A Pulofesa, tabwerani mudzaone mlongo wanu! Masamu aja agwera pati?"

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Makutu anga anatentha. Ndinaponya nkhuni pansi, ndipo mawu anatuluka ndisanawaganize bwino.

"Masamu salakwa. Ngati pali cholakwika, chinachitika kuchipatala. Suja munati tsiku lomwelo kunabadwanso wamkazi?"

Ndiyenera kunena zoona pano: ine sindinkakhulupirira zimenezo ngakhale pang'ono. Ndinkangofuna kuti aleke kuseka. Ndipo analekadi. Amayi aakulu anagwira chibwano, n'kuyamba kukumbukira kuti paja ana onse awiri anawatengera kusikelo nthawi imodzi. Mayi wina anati mwanayu ndi woyererapo kusiyana ndi abale ake. Wina anavula kachipewa kaja n'kuyang'ana makutu. Amayi anangokhala, maso ali pansi.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munasintha. Amayi ankamuyamwitsa Madalitso, koma nkhope atayang'ana kumbali. Akalira, ankayamba adikira kaye asanamunyamule, pamene kale ankathamanga ngakhale atangotsokomola. Kawiri konse ndinawapeza atamugoneka pamwendo, akutembenuza timanja take, akuyerekeza zala zake ndi zawo. Nyimbo zomutonthoza zinatha. Ine ndinkaona zonsezi, ndipo tsiku lililonse ndinkadziuza kuti mawa ndinena. Mawa likafika ndinkaganiza za kuseka kwa pakhonde kuja, n'kutseka pakamwa.

Loweruka m'mawa amayi aakulu anafika ndi azimayi ena awiri, atamanga zitenje zolimba m'chiuno.

"Tenga buku lako lija," anandiuza. "Tikupita ku esiteti. Iwe ndiwe mboni."

Tinayenda ola lathunthu pakati pa minda imene munali mutatsala ziputu za fodya zokhazokha. Matenanti ankakhala kumapeto kwa esiteti, m'timanyumba taudzu tondondozana. Esitere tinamupeza pakhomo akuchapa matewera m'beseni, mwana ali kumbuyo. Anali wamng'ono thupi, mwina wosapitirira zaka makumi awiri ndi zisanu. Atawaona amayi aakulu, Esitere anasangalala, n'kuthamangira kukayala thumba kuti akhalepo. Ankayesa kuti tabwera kudzaona mwana.

Amayi aakulu sanakhale. Ananena zimene tabwerera, ndipo anati amumasule mwanayo kuti amuone bwinobwino. Esitere anabwerera m'mbuyo mpaka msana unatsala pang'ono kugunda khoma, manja onse awiri atagwira mfundo ya chitenje pachifuwa. Matenanti anzake anayamba kusonkhana. Mwamuna wake anabwera akuthamanga kuchokera kumashedi, chipewa chili m'manja, akuchonderera kuti tichepetse mawu. Anati abwana akamva phokoso awathamangitsa asanalandire za fodya amene analima chaka chonse, ndipo kwawo n'kutali.

"Limbani, awerengere," anatero amayi aakulu. "Amve okha kuti izi si zopeka."

Ndinatsegula kope. Ndinawerenga mizere ija mokweza pamaso pa anthu onse aja, mpaka ndinafika pa mzere wa amuna okhaokha n'kunena kuti umenewu ndi umodzi wokha. Nditamaliza, Esitere anandiyang'ana. Sanakalipe.

"Achimwene, ine kusukulu sindinapiteko," anatero. "Koma uyu ndinamuona ndi maso angawa asanamudule mchombo. Ana awiri ndinaika m'manda kumudzi, onse sanalireko. Uyu ndiye woyamba kulira. Kodi m'buku mwanumo alembamo kuti si wanga?"

Ndinangoyang'ana sopo amene ankasungunuka m'beseni. Kapitawo wa pa esiteti anabwera n'kutiuza kuti tichoke. Pobwerera amayi aakulu analumbira kuti Lolemba apita kuchipatala, ndipo akakapanda kuthandizidwa apita kupolisi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kunyumba kwa a Kamwendo, kuseri kwa sukulu. Ngakhale pamenepo ndinali ndi kachiyembekezo kakuti mwina anena kuti masamu anga ndi olondola, kuti ndipezeko pobisala. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinafotokoza zonse, kupatulapo zimene zinali mumtima mwanga. Anapukuta manja, natenga kope, n'kuwerenga mizere yonse mwakachetechete.

"Mizere yako ili bwino," anatero. "Palibe wobwereza, palibe wosowa. Ukanandifunsa mayi ako asanabereke mwana ngakhale mmodzi, yankho lako likanakhala lolondola. Koma tsiku limene unkalemba izi, ana anayi anali atabadwa kale, eti?"

Anatulutsa cholembera chofiira m'thumba n'kundipatsa.

"Woyamba kubadwa ndani?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Ndiwe mkazi?"

"Ayi."

"Ndiye khwatcha mizere yonse yoyamba ndi K. Imeneyo singachitikenso."

Ndinakhwatcha. Inatsala khumi ndi isanu ndi umodzi. Anafunsa za wachiwiri, ndinakhwatchanso theka, inatsala isanu ndi itatu. Wachitatu, inatsala inayi. Pofika pa wachinayi ndinali nditaona kale komwe tikupita. Tsamba lonse linafiira. Inatsala mizere iwiri yokha: wa amuna anayi ndi mkazi, ndi wa amuna asanu.

"Werenga," anatero.

"Iwiri."

"Umodzi pa iwiri. Theka. Chimodzimodzi ndi mayi amene akubereka koyamba." Anatola ndalama m'thumba n'kuiponya m'mwamba. "Iyi ikagwa mitu kanayi, sidziwa kuti yagwa mitu kanayi. Ilibe mutu wokumbukirira. Kuponya kwachisanu kumayambira pachiyambi. Zimenezi ndinaphunzitsa tsiku limene iwe unajomba."

Koma iwo sanathere pamenepo. Anaika kope pamwendo n'kundiyang'ana m'maso.

"Kulakwitsa kumeneku ngakhale akuluakulu amalakwitsa, sikukundidetsa nkhawa. Ndikufunse china. Pamene unkanena kuti ana anasinthanitsidwa, iweyo unkakhulupirira?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Ayi, aphunzitsi."

"Ndiye vuto lako si la masamu."

Ndinawapempha kuti apite nane kunyumba akafotokoze okha, poti anthu akawamvera. Anakana. Anati amene ananena ndine, wokakonzanso ndine, ndipo ndikakonze dzuwa lisanalowe chifukwa Lolemba ndi mawa. Anabwerera ku chubu chawo.

Njira ya kwathu sinatalikepo ngati tsiku limenelo. Ndinawapeza amayi m'nyumba, Madalitso atagona pamphasa patali nawo pang'ono. Ndinagwada pakhomo. Ndinayamba ndi kuwaonetsa tsamba lofiira lija, koma anakankhira kope kumbali.

"Mabuku ako ndatopa nawo. Lankhula ndi pakamwa."

Ndinanena. Ndinati ndinalakwitsa kuwerengera. Ndinati za kuchipatala zija ndinapeka chifukwa anthu ankandiseka, ndipo ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti n'zabodza. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanailandira mosangalala. Sinabwere. Amayi anakwawa n'kumunyamula Madalitso ngakhale anali m'tulo, namukumbatira mwamphamvu mpaka anadzuka n'kuyamba kulira.

"Sabata yathunthu," anatero, misozi ikugwera pamutu pa mwana. "Sabata yathunthu ndakhala ndikuyamwitsa mwana wanga ngati wa eni ake. Iwe uli pompano, ukuona."

Ndinatuluka n'kupita kwa amayi aakulu, kumene ndinabwereza mawu omwewo pamaso pa Feliya ndi azing'ono ake. Panalibe amene anaseka. Amayi aakulu anakalipa kuti ndawayendetsa ulendo wochititsa manyazi, ndipo anatha mwezi osandiyankha moni.

Abambo anafika Lachiwiri. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda kukweza mawu. Anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, chikwama chili m'manja. Mawa lake anavala jekete la kutchalitchi n'kundiuza kuti nditsogole. Amayi nawo anabwera, Madalitso ali kumbuyo, pamutu atasenza ufa ndi mtedza. Titafika ku esiteti, abambo anapita kaye kwa kapitawo kukanena kuti phokoso lija linachokera kunyumba kwawo, osati kwa matenanti. Kenako anaitanitsa onse amene analipo Loweruka lija.

"Unawerenga mokweza," anandiuza. "Upepesenso mokweza."

Ndinagwada pafumbi pamaso pa Esitere ndi mwamuna wake. Ndinanena kuti ndinanama. Mwamunayo anafulumira kunena kuti zatha, palibe mlandu, ndipo ankaoneka kuti akungofuna kuti tichoke mwamtendere. Esitere anali atawonda m'masiku ochepa amenewo. Mayi wina woyandikana naye anatiuza kuti chichokereni ife sankamutsitsa mwana kumbuyo, ngakhale popita kuchimbudzi, poopa kuti amupeza atatengedwa. Esitere anamvetsera mawu anga onse, kenako anati:

"Ndamva."

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo panalibe amene anamukakamiza. Amayi anatula katundu uja n'kukhala pambali pake. Patapita kanthawi onse awiri anamasula ana awo n'kuyamba kuyamwitsa, osalankhulana. Ine ndi abambo tinaima patali kuyembekezera. Msika wa fodya utatseka banja lija linasamuka, ndipo sindinamvenso za iwo.

Papita zaka zambiri. Madalitso lero ndi bambo wa ana awiri, amakonza njinga zamoto ku Msundwe. Nkhaniyi pakhomo pathu sinkatchulidwa, ndiye iye anakula osaidziwa. Ndinamuuza ndekha chaka chatha, titakhala pabenchi kunja kwa shopu yake. Poyamba anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako analeka, n'kumazunguza sipanala m'manja.

"Ndiye sabata imeneyo ndinkalira kwambiri, achimwene?"

Ndinati inde. Anagwedeza mutu, n'kubwerera ku njinga imene ankakonza.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti tsiku lija pakhonde ndinali ndisanadziwe pamene ndinalakwitsa, koma kuti ndalakwitsa ndinkadziwa. Umboni unali m'manja mwa amayi, ukupuma. Kulakwitsa kwa masamu a Kamwendo anakukonza pa mphindi zisanu ndi cholembera chofiira. Chinacho sichinali kulakwitsa ayi. Ndinasankha ndekha kuti azimayi awiri akayikire kapena kuopera ana awo, kusiyana n'kuti ine ndisekedwe madzulo amodzi. Ndipo anandikhulupirira chifukwa chakuti ndine amene anandituma kusukulu kuti ndikawaphunzirire. Mpaka lero, munthu akanditsutsa ndipo ndikumva makutu akutentha, ndimadziwa kuti pakamwa panga patsala pang'ono kutuluka chinthu choopsa. Ndimayamba ndameza malovu, kenako n'kunena mawu amene anandikanika ndili ndi zaka khumi ndi zisanu: ndalakwitsa ndine.